Tepi Yochokera ku Lusaka

"Amayi, inu mumaopa chilichonse," anatero mwana wanga Benedicto, akumenya benchi ndi chikhatho. "Mumaopa njinga, mumaopa mlatho, mumaopa jakisoni. Tsiku limene ndinagula batire munati iphulika n'kutipsereza tonse. Nanga taphulika?"

"Lero simunaphulike," ndinatero. "Za mawa sindikudziwa."

"Wamva, Chipi? Wawamva agogo ako?"

Chipiliro anaseka, koma maso ake sanachoke pa tivi. Mwanayu ndi mdzukulu wanga, wa malemu Rozi. Nthawi imeneyo anali atangotha msinkhu, ndipo chimwalirireni mayi ake ndinkagona naye pamphasa imodzi. Benedicto ndiye malume wake, mwini mbumba. Mawu otsiriza pa mwanayu anali ake. Anga anali ongodandaula.

Tinali m'nyumba ya vidiyo ya Benedicto, m'mbali mwa msewu wopita kuboda, kumunsi kwa Kachebere. Ndi kanyumba kopanda zenera, kamene anthu amalowa n'kukhala pamabenchi kuonera mafilimu a anthu omenyana. Masana amenewo munalibe oonera. Dzuwa linkalowera pa timabowo ta malata n'kuima m'katimo ngati timitengo toyera, fumbi likuyandama pang'onopang'ono m'kuwalako.

"Mwanayu sapita," ndinatero.

"Apita. A Jobson abweranso pakatha masabata atatu, ndipo akwera nawo. Mukufuna akalambe akusoka fodya wa eni? Mwaiwala kale chaka chatha, pamene tinkadya zitsa za nthochi? Ku Lusaka akukalera ana awiri basi, ndipo akamuphunzitsa kusoka pamakina."

"Iweyo mayi akumufunayo unamuonapo?"

"Si uyu apa? Chipi, bwezera tepi. Agogo ako aone bwinobwino, mwina mantha achepa."

A Jobson anali dalaivala wa thiraki. Akamadikira mapepala paboda ankabwera kudzapha nthawi m'nyumba ya vidiyoyi, atanyamula Fanta ndi mabanzi. Anali munthu woseka msanga, wondipatsa moni atagwira chipewa pachifuwa. M'mawa wa tsiku limenelo anasiya tepi yopanda chithunzi pachikuto. Anati mlongo wawo wa ku Lusaka, Anti Princess, akufuna mtsikana wamakhalidwe, ndipo mwezi wathawu anajambula tepiyo yekha ndi kamera yake, chifukwa cha Chipiliro yekha.

Deki inameza tepi ija, ine ndinasendera kukhomo. Makina amene amameza zinthu sindikhala nawo pafupi.

Kenaka nyumba ija inatulukira.

Ndinene zoona, inali yokongola. Geti linatseguka lokha popanda dzanja. Panali udzu wometedwa bwino ngati mutu wa mwana wa sukulu, ndi maluwa ofiira m'mbali mwa khoma. Kumbuyo kunali dziwe la madzi obiriwira, lomangidwa ndi simenti, lopanda chule, lopanda mayi wochapa. Tinalowa m'kati osayenda. Makatani ankagwedezeka koma mphepo sinkamveka. Mipando inali yonenepa, yopanda munthu. Chipinda china chinali ndi bedi loyalidwa zoyera, ndi kalilole wamtali kuposa Benedicto. Zonsezi zinkaoneka ngati ukuziona uli pansi pa madzi, kapena ngati wangodzuka kumene ndipo maso sanatseguke bwino. Pansi pa chithunzicho pankathamanga kamzere konjenjemera, ndipo tivi inkangoti shiii, ngati mvula ikugwa kutali kuphiri.

Mwadzidzidzi mvula ija inaleka. Panaoneka mayi wonenepa atakhala patsogolo pa nsalu yamaluwa, nkhope yake ili mbee, mpaka thukuta la pamphuno linkaoneka.

"Chipiliro mwana wanga, uli bwanji?" anatero m'chinyanja cha ku Zambia. "Ndine Anti Princess. Waiona nyumba? Chipinda chako nakonza kudala. Bwela, usayope. Nikuyembekeza."

Anagwedeza dzanja, chithunzi chinasweka n'kukhala timadontho, ndipo Chipiliro anadina batani n'kuzimitsa.

"Anditchula dzina," anatero mwakachetechete. "Agogo, mwamva? Munthu wa ku Lusaka wanditchula dzina."

"Anamuuza ndani dzina lako? Munthu wosamudziwa akakutchula dzina, usamavomere."

Benedicto anagwira mutu ndi manja onse awiri.

Kuyambira tsiku limenelo mwana uja anasamuka ali pakhomo pomwepo. Thupi linali nafe, koma iye anali kale m'nyumba ija. M'mawa uliwonse, anthu asanayambe kubwera, ankapempha amalume ake kuti alumikize batire. Ankaonera geti, dziwe, bedi, kalilole, mpaka Anti Princess atagwedeza dzanja. Timadontho tikangoyamba, ankazimitsa n'kubwezera poyamba. Pobwera kudzasesa bwalo ankayenda monyang'ama, ngati akuopa kudetsa pansi. Ndikamuitana ankayankha kuti, "Nabwela," ngati wa ku Chipata. Tsiku lina ndinamupeza pachitsime ataima, ndowa itadzaza kalekale, akuyang'ana nkhope yake m'madzimo ndi kuyeserera kugwedeza dzanja.

"Usamayang'ane m'madzi nthawi yaitali," ndinamuuza. "Umachita chizungulire n'kugweramo."

"Ku Lusaka madzi amatuluka m'khoma, agogo. Simungagweremo."

"Ndiye amene amamiza anthu amenewo."

Inenso nyumba ija inandilowa. Masana ena ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndikusankha nyemba, tulo tinandiba. Ndinapezeka ndili pageti lija, ndipo linanditsegukira. Ndinayenda paudzu koma mapazi anga sankamveka. M'katimo khomo lililonse linkatsegukira ku khomo lina. Ndinamuona Rozi atakhala pabedi loyera lija, atanditembenukira msana, akupesa tsitsi. Ndinamuitana, mawu anga anangoti shiii. Ndinayang'ana pakalilole kuti ndione nkhope yake, koma munalibe munthu, munali timadontho tokhatokha. Ndinadzidzimuka nkhuku zikudya nyemba m'lichero.

Ndinamufotokozera Benedicto malotowo. Anati ndichepetse fodya wa m'mphuno.

"Uyankhe ichi," ndinatero. "A Jobson akulonjeza chiyani iweyo?"

Anayang'ana kumbali. "Si malipiro ayi. Angoti adzandibweretsera makina atsopano aja oonetsa mafilimu a pa timbale tonyezimira. Ndi chibale basi."

"Chibale chayamba liti?"

"Amayi, Rozi anali mlongo wanga. Mukuganiza kuti ndingataye mwana wake?"

Sindinaganize choncho. Benedicto si woipa mtima. Chaka cha njala ankadya komaliza. Koma munthu akatopa ndi umphawi, maso ake amasankha zoona.

Sabata yachiwiri kunabwera a Aleck, amene amayenda panjinga kugulitsa matepi ochokera ku Chipata. Ine ndinali m'katimo ndikusesa makoko a mtedza pansi pa mabenchi. Apa ndiye pamene mwana wanga amasanduka munthu wina. Pa zina zonse mukhoza kumupusitsa, koma pa tepi ayi. Anthu amachoka ku Dambe kudutsa nyumba zina za vidiyo kubwera kwa iye, chifukwa amadziwa kuti kwa Benedicto nkhope ya munthu imaoneka ngati nkhope.

"Izi ndi zatsopano, achimwene," anatero a Aleck, akumasula katoni. "Zangotsika kumene. Mukazinunkhiza mumva fungo la ndege."

"Tiona," anatero Benedicto. Anatseka chitseko.

Kayesedwe kake n'kotere. Poyamba amatsitsa mawu onse, tivi n'kukhala duu. Sayang'ana pakati pamene anthu akumenyana, amayang'ana m'makona ndi pansi. Amadikira chinthu chofiira, malaya kapena galimoto. Kenaka amatenga nsalu n'kuphimba tivi yonse, n'kukweza mawu, n'kutsinzina. Akatero sadzuka mpaka tepi ithe, chifukwa amati ogulitsa amabisa zoola kumchira.

"Iyi ndi mayi," anatero pa tepi yoyamba. "Ndiitenga."

"Mwaona? Ine sindinyamula zinyalala."

Anaika yachiwiri. Sipanapite nthawi anaseka. "A Aleck, tayang'anani malaya a mkuluyu. Kufiira kwatuluka m'malaya, kukuyenda pakokha kumbali. Munthu ali apa, malaya ali apo. Nanga kamzere aka pansipa kakuthamangira kuti?"

"Ndi deki yanu imeneyo. Mutu wake wada."

"Deki yanga ndimaipukuta kuposa mmene inu mumasambira. Tamverani." Anaphimba tivi. "Mukuimva mvulayo? Mfuti ikulira ngati munthu akutsokomola m'bulangete. Uyu si mwana n'komwe. Ndi mdzukulu."

Ndinaimitsa tsache. "Mdzukulu wa yani?"

Onse anaseka. "Ndi mmene timanenera, amayi," anatero Benedicto. "Tepi yoyamba, yochokera kwa eni ake, ndi mayi. Ukalumikiza madeki awiri n'kukopera pa tepi ina, imeneyo ndi mwana, imatsika pang'ono. Ukakoperanso kuchokera kwa mwanayo, ndi mdzukulu. Mitundu imasungunuka, mawu amalowa mvula. Tepi singaname zaka zake, ngakhale wogulitsa alumbire pa manda a agogo ake."

"Ine sindinalumbire," anatero a Aleck, akubweza tepiyo m'katoni. "Ndikagulitsa ku Mlonyeni. Kumeneko bola anthu akumenyana."

Ndinatuluka ndi tsache langa, koma mawu aja ananditsatira. M'mawa mwake, Chipiliro akuonera, ndinalimba mtima n'kukhala pabenchi lakutsogolo, pafupi ndi makinawo. Sindinayang'ane dziwe kapena bedi. Ndinayang'ana maluwa ofiira aja. Kufiira kwake kunali kutatuluka m'maluwa, kukuyandama pakhoma pakokha.

Ndinamupeza Benedicto akupopa njinga.

"Nyumba ija ndi mdzukulu," ndinatero.

"Nyumba iti?"

"Ya ku Lusaka. Maluwa ali apa, kufiira kuli apo. Kamzere kakuthamanga pansi. Mvula ikugwa. A Jobson anati mlongo wawo anajambula yekha mwezi watha. Tepi ya mwezi watha yakalamba liti?"

Anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka pampu inagwa. "Amayi mwasanduka katswiri! Ndikulembani ntchito. Imeneyo ndi kamera ya panyumba, siifanana ndi ya mafilimu."

"Nanga bwanji nkhope ya mayiyo ili mbee? Kamera si imodzi?"

"Anayatsa magetsi."

"Magetsi amaletsa mvula m'mawu?"

"Amayi, chonde. Dzulo munati mphaka wa a neba akukuyang'anani moipa. Lero ndi maluwa. Ndimvere ziti?"

Apa ndipo pamene ndinazindikira tsoka langa. Ndachenjeza anthu za zinthu zambiri moti mawu anga anasanduka ngati kulira kwa njiwa padenga, aliyense amamva koma palibe amatembenuka. Koma nanga ndikanatani? Ndinabala ana asanu ndi awiri, ndatsala ndi mmodzi. Aliyense wa iwo anachoka tsiku limene kunja kunali bwinobwino.

Sabata yachitatu ndinapita kukagayitsa kuchigayo cha a Lameki, pamsika wa paboda. Sindikonda kupitako chifukwa mathiraki amaima mzere wautali, ndipo sudziwa kuti ndi iti imene idzuke. Ndinakhala pathumba langa ndikudikira. Kunkatentha, ufa unkauluka m'mwamba ngati nkhungu, azimayi onse nsidze zili zoyera ngati mizimu. Ndinayamba kuodzera. Chigayocho lamba wake anaduka kalekale ndipo anamulumikiza ndi waya, ndiye akamazungulira amamenya chitsulo: phwa, phwa, phwa, kenaka injini n'kutsokomola kawiri. Ndili m'tulo tapang'ono timeneto ndinamva mawu akuti, "Bwela, usayope." Ndinatsegula maso. Panalibe amene anayankhula. Chinali chigayo chokha. Koma makutu anga anali atagwirizanitsa zinthu ziwirizo, chifukwa anali atazimvapo pamodzi m'mawa uliwonse kwa masabata awiri.

Ndinasiya ufa m'manja mwa mayi wina, ndinabwerera ndikuthamanga ngati mtsikana.

"Chipi, ika tepi. Pamene mayiyo akuyankhula. Usamvere iyeyo, umvere kumbuyo kwake."

Anaika monyinyirika. Mawu a mayiyo anali oyera kwambiri moti zonse zakumbuyo zinkamveka. Chapatali, pang'onopang'ono: phwa, phwa, phwa. Kenaka kutsokomola kawiri.

"Ndi chigayo cha a Lameki," ndinatero. "Mayiyu sali ku Lusaka. Ali m'tizipinda ta kuseri kwa msika tija."

"Ku Lusaka kulibe zigayo?"

"Zilipo, koma lamba wa waya ndi mmodzi."

Mwana uja anaimirira. "Agogo, n'chifukwa chiyani simufuna kuti chinthu chabwino chindichitikire? Kusukulu munkati ndisadutse pamlatho, mpaka ndinasiya. Kukwaya munati tikagona kutali atigwira. Tsopano mukumva zigayo m'tivi. Mukufuna ndifere pompano ngati amayi, inu mutandigwira dzanja?"

Za mlatho zinali zoona. Nthawi ya mvula chaka chimenecho ndinamuletsa masabata ambiri, ndipo atabwerera anapeza anzake apita patsogolo, manyazi anamugwira. Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe. Ndinaganiza zopita kupolisi, koma apolisi ndimawaopanso, ndipo ndikanakawauza chiyani? Kuti maluwa asungunuka?

Tsiku linafika, Lachinayi m'mawa. Chipiliro anali atalukitsa tsitsi dzulo lake, timizere ting'onoting'ono topita kumbuyo. Zovala zake zonse zinakwana m'chikwama chimodzi cha pulasitiki. Dzuwa litangokwera pang'ono tinamva thiraki ikuima kumsewu, ikupuma ngati ng'ombe yotopa. Hutala inalira kawiri.

Ine ndinali nditakhala kale pakhomo la nyumba ya vidiyo, tepi ija ili pamiyendo.

"Amayi, musayambe," anatero Benedicto.

"Sindikuletsanso. Ndatopa. Mwanayu ndi wako, apite. Ndikupempha chinthu chimodzi, ndipo ukachita sindidzatsegulanso pakamwa, ngakhale ugule mabatire khumi."

"Chiyani?"

"Uiyese tepiyi. Osati ngati malume. Uiyese ngati a Aleck akukugulitsa."

Hutala inaliranso. Benedicto anatulutsa mutu n'kukuwa kuti, "Tikubwera, a Jobson, akutsanzikana ndi agogo ake!" Kenaka anandilanda tepiyo. "Chabwino. Kuti mtima wanu ukhale pansi. Chipi, lowa, tseka chitseko."

Anatsitsa mawu. Geti linatseguka mwakachetechete. Ndinkayang'ana nkhope ya mwana wanga, osati tivi. Poyamba anali akumwetulira, maso ali pakati pa chithunzi. Kenaka chizolowezi chinamugwira, maso anatsikira pansi, anapita m'makona. Maluwa atafika, kumwetulira kuja kunazima. Anasendera pafupi mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Dziwe linadutsa, bedi linadutsa. Nkhope ya mayi uja itatulukira, anabwerera m'mbuyo ngati wina wamuwaza madzi.

"Amalume, nthawi," anatero Chipiliro.

Benedicto anadina batani. Anabwezera tepi poyamba, anayang'ana uku ndi uku kufuna nsalu yake. Ndinamasula chitenje changa chapamwamba n'kumupatsa. Anaphimba tivi, anakweza mawu, anatsinzina.

Tinakhala mumdima wa m'katimo, atatu, tikumvera mvula. Popanda chithunzi nyumba ija kunalibe. Kunalibe mbalame, kunalibe mwana, kunalibe phazi. Shiii basi, nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kumva ngati benchi likuyandama. Kenaka mvula inaduka ngati aidula ndi mpeni.

"Chipiliro mwana wanga, uli bwanji?"

Phwa, phwa, phwa. Ndinaona chala cha Benedicto chikugunda bondo lake motsatira lambayo. Injini itatsokomola kawiri, chalacho chinaima.

"Nikuyembekeza," anatero mayi uja, ndipo phokoso la timadontho linayamba. Chipiliro anatambasula dzanja kuti azimitse monga ankachitira masiku onse. Benedicto anamugwira pamkono, maso ali chitsinzinire.

"Tepi timaimva mpaka kumchira," anatero.

Tinadikira. Kunja hutala inalira motalika. Phokoso lija linapitirira, kenaka linayamba kung'ambika, ndipo pansi pake panatuluka mawu, omwewo, a mayi yemweyo, koma olema ngati akuchokera m'chitsime.

"...ndiye usalile, Luwiza. Amai ako ba Anastazia tizabatumila vitenge na sopo. Chipinda chako nakonza kudala. Bwela na ba Jobson. Nikuyembekeza."

Benedicto anakoka chitenje. Pa tivi panali mayi yemwe uja, patsogolo pa nsalu yamaluwa yomwe ija, koma atavala duku lina, chithunzi chikugwedezeka. Anagwedeza dzanja, n'kuzimirira.

Luwiza tonse tinkamudziwa. Ndi mwana wa mayi Anastazia a ku Mlonyeni, ankaimba kwaya limodzi ndi Chipiliro pa misonkhano ya tchalitchi. Anachoka dzinja la dzana, anthu ankati anapeza ntchito ku Zambia. Chichokereni sanatumize kalata ngakhale imodzi, ndipo mayi ake amafunsa dalaivala aliyense paboda.

"Nyumbayi si mdzukulu n'komwe," anatero Benedicto. "Ndi mwana wa mdzukulu. Anaikopera kwinakwake kalekale, mwina mufilimu. Moni yekhayu ndiye amajambula watsopano, pamwamba pa wakale. Wa Luwiza unali wautali, ndiye mchira wake unatsala." Anakhala pansi, pasimenti penipeni. "Ndinaiona tsiku loyamba lomwe, amayi. Kamzere kaja ndinakaona. Ndinangoyang'ana dziwe."

Chipiliro anaimirira. Anatenga chikwama chake n'kutsegula chitseko.

"Chipi!" ndinakuwa. Ndinamutsatira ndikupunthwa, Benedicto ali pambuyo panga. Mwanayo ankayenda molunjika kumsewu, osathamanga, osacheuka, chikwama chikugunda mwendo. Dzuwa linali lowala kwambiri titachoka mumdima muja, moti thiraki ija inkaoneka ngati ikusungunuka m'mphepete.

A Jobson anatsegula chitseko cha thiraki ali pampando, akumwetulira. "Mwachedwatu, mwana wa Anti. Ponya chikwama, kwera. Agogo, musadandaule, pa Khirisimasi adzabwera atanenepa, simudzamuzindikira."

Chipiliro anaima pansi pa chitsekocho, anayang'ana m'mwamba.

"A Jobson, Luwiza ali kuti?"

"Luwiza uti?"

"Wa ku Mlonyeni. Amene munamukonzera chipinda changa."

Kumwetulira kuja kunakhalabe pankhope pawo, koma maso anapita kwa Benedicto, kenaka kwa azimayi ogulitsa nthochi amene anali atayamba kusendera.

"Aa, Luwiza! Ali bwinobwino. Kwera ukamuone wekha, adzakondwa."

"Tsikani," anatero Benedicto. "Tiyeni kuseri kwa msika, pafupi ndi chigayo, mukationetse mlongo wanu. Tikachoka kumeneko tipite limodzi kwa mayi Anastazia."

"Achimwene, mwayamba kumvera nkhalamba? Ine ndimafuna kukuthandizani. Atsikana ofuna mwayi umenewu ndi ambiri."

"Ndi angati?" anafunsa Chipiliro.

Chitseko chinatsekedwa mwamphamvu. Benedicto analumphira pachitsulo chokwerera n'kugwira galasi, koma thiraki inanyamuka, inamukoka pang'ono n'kumutaya m'fumbi. Sinalowere kuboda. Inakhotera njira ya ku Lilongwe. Benedicto anadzuka chigongono chikutuluka magazi, akutchula manambala a thirakiyo mobwerezabwereza kuti asaiwale. Anathamangira njinga, anaika tepi m'malaya, n'kupalasa kulowera kupolisi ya paboda. Ndinafuna kumuuza kuti asathamange kwambiri pamsewu wa mathiraki. Ndinadziletsa.

Chipiliro anali ataima pomwe paja, chikwama chili m'manja, akuyang'ana fumbi likutsika. Azimayi a nthochi ankafunsa mafunso onse nthawi imodzi. Ndinamugwira dzanja, ananditsatira ngati mwana wophunzira kuyenda. Tinakakhala pakhonde la kwathu.

"Musanene kuti munanena," anatero.

"Sindinena."

"Ndinkalifuna bedi lija, agogo. Ngakhale panopa ndikulifunabe."

"Ndikudziwa. Inenso ndinalilota."

Kenaka anati, "Mawa ndipita ku Mlonyeni. Mayi Anastazia asamve kwa anthu a mumsewu. Ndidutsa pamlatho."

Mawu anafika pakhosi panga, onse amene ndimanena masiku onse, za matabwa oola ndi madzi othamanga. Ndinawameza.

"Tidzadutsa tonse," ndinatero. "Koma udzandigwire."

Anagoneka mutu pamiyendo panga. "Tsitsili likundipweteka. Analuka mokoka kwambiri."

Ndinatenga kamtengo n'kuyamba kumasula mzere woyamba, kuyambira pamphumi. Tsitsi linali lolimba, zala zanga n'zokalamba, ndipo mizereyo inali yambiri. Thiraki iliyonse ikamadutsa kumsewu zala zanga zinkaima zokha, mpaka phokoso lake litatha. Kenaka ndinkapapasa mutu uja, n'kuupeza uli pomwepo, wofunda, wolemera, ndipo ndinkayamba mzere wina.